Khomo la Bambo Limayang'ana Kunyanja

Tenquil, pachilumba cha Lemuy
9 Ogasiti 1998

Mlongo wanga Mirta,

Moni. Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Santiago. Kuno tilipo, mvula yokha ndiyo sikutipatsa mpata. Mlamu wako Uberlinda akuti moni. Bondo langa likadali lomwe lija.

Ndalemba za nyumba ya malemu bambo. Chikhomereni chikwangwani choti ikugulitsidwa, miyezi yakwana itatu. Dzulo kunabwera munthu wachitatu, bwana wina wa kukampani yoweta nsomba, ali ndi mkazi wake. Anaima pamsewu. Mkaziyo anatsitsa galasi la galimoto n'kufunsa kuti, "Nanga polowera ndi pati?" Ndinati azungulire mbali ya kunyanja. Anayang'ana matope, anayang'ana nsapato zake, anakweza galasi. Basi.

Ukudziwa kuti kuno nyumba ya matabwa ikakhala yopanda moto imawola. Dzinja lino tiyesetsa. Koma mvula ya Epulo ikadzaipeza ilibe mwini, tidzangoiwazira nkhuni. Anthu akuti tiikonze kuti ikope ogula. Iwe ndiye unaphunzira za nyumba. Tikonze kapena tisakonze? Utiuzenso za kumeneko.

Ndine mlongo wako,
Nolberto

Santiago
24 Ogasiti 1998

Achimwene a Nolberto,

Moni nonse. Ndalandira kalata yanu, ngati tingaitche kalata. Ine ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku yunivesite kuti ndizitha kuwerenga mabuku onenepa, inu n'kumanditumizira zinthu zofupika ngati tikiti ya basi. Bondo "likadali lomwe lija." Lija lake liti? Lotupa? Lolira? Mwaonana ndi dokotala kapena mukulipakabe mafuta a nkhosa? Mundiyankhe.

Za kuno palibe. Ndikadali mu ofesi yomwe ija, kudinda mapulani a nyumba za anthu ena. Pa tsiku ndimakana atatu, ndipo ndikukuuzani mosabisa kuti ya bambo ikanabwera patebulo panga, ndikanaikana ndisanavule n'komwe jekete.

Mukufunsa ngati tikonze? Achimwene, nyumbayo yafulatira msewu. Munthu wobwera pa galimoto amaona chiyani? Chipupa chopanda kanthu, kazenera ka kuchimbudzi, ndi mulu wa nkhuni. Ndani angagule nyumba yomulonjera ndi msana? Mayi wa nsapato uja sindikumudziwa, koma ndikumumvetsa.

Ndipo tonse tikudziwa mwini mlanduwu. Ndinalipo tsiku lija mu 1989, nditabwera ku tchuthi, chaka chimene denga la nyumba yakale linagonja mayi atamwalira. Lole inatsika pa pantoni itanyamula nyumba yonse yathunthu m'zidutswa kuchokera ku fakitale ya ku Puerto Montt: zipupa khumi ndi zinayi, chilichonse ndi nambala yake, ndi pepala lalikulu lolongosola kuti ichi chigwirane ndi ichi. Papepalapo panali muvi wonenepa, pansi pake atalemba kuti MSEWU. Mwana wa sitandade wani akanamva. Bambo analitembenuza pepalalo uku ndi uku, n'kunena kuti, "Amene analemba izi sanaonepo nyanja." Analipinda bwinobwino, n'kuyatsira moto wa ketulo.

Mukukumbuka Don Baldomero akutsutsana ndi bambo, atasenza chipupa nambala wani, chija cha khomo?

"Arsenio, muvi unaloza kumsewu."

"Msewu wabwera dzana. Iwe pa ukwati wanga unabwera pa chiyani?"

"Pa boti."

"Pa maliro a mkazi wanga?"

"Pa boti."

"Nanga wansembe amabwera pa chiyani? Azamba? Ogula mbatatesi? Khala chete, gwira chipupacho."

Ndiye anazungulitsa nyumba yonse, khomo kunyanja, n'kuikhomera misomali yaitali ngati zala, kuti wina asadzaganize zoikonza. Ine ndi digiri yanga ndinaima poteropo n'kumati, "Bambo, malamulo a zomangamanga..." Anandipatsa hamala, anati, "Aphunzitsi, malamulo agwire apa."

Tsono mverani, ndipo kalatayi musayatsire moto. Khomo la kunyanja litsekedwe, mubowole lina kumsewu. Nyumbayo ichoke pa zipika zamitengo zimene yakhalapo ngati nkhokwe, muthire simenti pansi ponse, igwire nthaka ngati nyumba ya anthu. Kubafa matailosi. Chitofu cha nkhuni chija chituluke, chadetsa denga, ndipo mabwana a nsomba amaphikira gasi. Kunja konse penti. Ndatumiza zitini zinayi zachikasu pa basi ya ku Castro, mukazitenge. Mukatero, pofika Khirisimasi mudzachita kuthamangitsa ogula ndi ndodo.

Mlamu mumupatse moni, ndipo mumuuze kuti ndimamumvera chisoni.

Mlongo wanu wophunzira pachabe,
Mirta

Tenquil
11 Okutobala 1998

Mirta,

Moni. Tili bwino. Pepa kuchedwa, tinali kubzala mbatatesi.

Penti inafika. Ndi yabwino. Mvula sinalole kupaka. Mmisiri wa matabwa wapita ku Argentina kukameta nkhosa, abwera Febuluwale. Chipupa cha kumsewu ndachiyang'ana, ndi nambala naini, bambo anachikhoma kwambiri. Chitofu chija chilibe vuto, chimakoka utsi bwino. Za simenti tiona.

Kunabweranso wina pa galimoto. Sanatsike.

Bondo ndi lakumanzere. Kodi kumeneko kukadali utsi wa magalimoto uja unkakutsokomoletsa?

Nolberto

Santiago
16 Novembala 1998

Achimwene,

Moni. Utsi ulipo, zikomo pofunsa, ndipo wina ukutuluka m'makutu mwanga.

Msuweni wathu Filomena anali kuno sabata yatha kudzaonetsa maso ake kwa dokotala. Akuti sakuona bwino. Koma maso osaonawo anaona kuti boti la Don Baldomero, limene lakhala lotuwa chibadwire changa, tsopano ndi lachikasu ngati m'kati mwa dzira la nkhuku yachikuda, ndipo likuoneka kuchokera ku Chonchi. Anaonanso kuti nyumba ya bambo ili monga anaisiyira mwini wake. Ndiye mundithandize, poti ine sukulu inandiwononga mutu: mvula ya ku Tenquil imagwa pa nyumba pokha, pa boti ayi?

Ndinanyamula zitini zimenezo ndekha mpaka kokwerera basi, achimwene. Mayi wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, wovala nsapato za gogoda, zitini ziwiri uku, ziwiri uku, anyamata akundiimbira mluzu. Kuti boti la munthu wina likongole.

"Za simenti tiona." Tiona liti? Mawu amenewo ndi a bambo, ndawazindikira. Ankatero mayi akapempha mashelefu, ndipo mayi anamwalira mapoto ali pansi.

Musaganize kuti ine ndilibe mtima. Usiku ndi usana ndimakumbuka kwathu kuposa inu amene mukukhala komweko, chifukwa inu simusowa kukumbuka, mumangotsegula zenera. Dzana lomweli ndili pa mzere ku banki ndinakumbukira minga, dima lathu lokoka nyumba lija, ya kwa a Chiguay. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mudzi wonse unasonkhana kudzasamutsa nyumba yawo kuchoka kumtunda kupita kugombe, ng'ombe zapagoli zitamangidwa matcheni kutsogolo, ndipo bambo, poti ndiwo ankalamula ng'ombe pa minga iliyonse, anandinyamula n'kundilowetsa pazenera. Anati, "Gwira zolimba, usauze amako." Nyumba inalira ngati ikuthyoka, kenako inayamba kuyenda, ine ndili m'kati. Mitengo ya maapozi ikudutsa pazenera. Inu munkathamanga pambali mukulira kuti nanunso mukwere. Musakane, munalira. Madzulo ake tinadya curanto, nkhono, nyama ndi mbatatesi zophikira m'dzenje la miyala yamoto, mpaka mimba kuuma, bambo akuwerenga pa zala nyumba zimene anakokapo. Pomwe ankasiya ntchitoyo zinali makumi atatu ndi imodzi.

Koma zimenezo n'zakale. Masiku ano nyumba zimakhala pansi, anthu ndiwo amayenda. Ogula ali kumsewu, ndipo Epulo sakudikira kuti inu mumalize kuona.

Tsono ndifunse chimene ndakhala ndikuchizungulira. Kodi nyumbayo mukuifuna inuyo? Ngati mukuchita dala kuti ogula azithawa mpaka ine nditope ndinene kuti tengani, ingonenani. Sindidzakutengerani kukhoti, maloya ndimawadziwa, ndi anzanga, sindingawafunire munthu. Koma musandisandutse chitsiru chotumiza penti.

Mirta

Tenquil
13 Disembala 1998

Mirta,

Moni. Tilipo.

Nyumbayo sindikuifuna. Ndili ndi yanga.

Penti ndinapatsa Don Baldomero chifukwa ndi iye anakhoma bokosi la bambo, ndi matabwa amene ankasungira boti lake latsopano, ndipo anakana kulandira kanthu. Ndinasowa chomupatsa. Linali bokosi labwino. Iwe sunalione.

Ukufuna khomo litsekedwe, chitofu chichoke, pansi pakwiriridwe. Ndamva. Ukamaliza pamenepo sipadzatsala poti munthu n'kuloza kuti apa panali bambo. Mwina ndi zimene ukufuna. Kwa amene ali kutali n'zosavuta.

Khirisimasi yabwino.

Nolberto

Santiago
12 Januwale 1999

A Nolberto,

Moni. Ndayamika, tsopano mwaphunzira kulemba. Mizere yochepa yomwe ija, koma uliwonse ndi msomali wa bambo.

Bokosilo sindinalione, n'zoona. Ndikuuzeni chimene ndinaona. Ndinaona doko la ku Pargua masiku awiri athunthu, pantoni itamangidwa chifukwa cha namondwe, ine nditakhala pa sutikesi, nditavala diresi lakuda logula mothamanga, lalikulu ngati tenti. Chilumba ndikuchiona apo, tsidya lomweli. Ndinapempha asodzi, ndinalonjeza, ndinatukwana, wina ndinamuuza kuti ndine mwana wa Arsenio Oyarzo ngati kuti mphepo imadziwa dzinalo. Mmene ndinkafika munali mutaika kale, ndipo munandilandira ndi mawu akuti, "Wafika." Sindinakuuzeni zonsezi chifukwa simunafunse, ndiponso chifukwa kwathu sitinena zinthu, timangopatsana mbatatesi.

Sindikufuna kufufuta bambo. Ndikufuna nyumba yawo ikhale ndi munthu, osati bowa. Poti inu manja akukanika, ndapeza ena. Ndalankhula pa foni ndi mmisiri wa ku Castro, a Heriberto Mansilla. Afika Lolemba pa 8 Febuluwale ndi lole ya simenti ndi mchenga. Ayamba ndi pansi, khomo pambuyo. Inu musavutike ndi kalikonse, mungowapatsa kiyi. Ngati n'kovuta kuonerera, tsiku limenelo mupite kukapaka penti boti lina.

Mirta

Tenquil
10 Januwale 1999

Mlamu wanga wokondedwa,

Moni, moni. Ndine Uberlinda. Usadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, ndikulembera pa bondo kuseri kwa khola kuti achimwene ako asandione. Ndikhulupirira uli bwino, ndipo ukudya, chifukwa pa chithunzi chija unali ngati ndodo.

Mlamu, ine ndatopa kukhala pakati pa anthu awiri ouma mitu. Kalata zako akamawerenga amatuluka panja, akabwera amakalipira galu. Ndiye ndikuuze zimene mwamuna wangayu sangakuuze ngakhale utamuika pa moto.

Chimwalirireni apongozi, palibe tsiku limene sanapite kunyumba ija. Akamaliza kumunda amakwera chitunda chonse chija ndi bondo lotupa ngati dzungu, kukayatsa chitofu kuti matabwa asagwire chinyezi. Amatsegula khomo, amakhala pa benchi, mpando wa bambo ake saukhudza, amamwa tiyi wathu uja wa mate akuyang'ana kunyanja mpaka nkhuni zitatha. Potsika amachita kutsamira mpanda. Dokotala wa ku Castro ananena kuti dzinja lina akachita zimenezi adzayendera ndodo moyo wake wonse. Ndiye usaganize kuti sakufuna kugulitsa. Akufuna kuposa iwe.

Ndipo wogula alipo, chiyambire Seputembala. Ukuwakumbuka Doña Clorinda Barría a ku Chelín, tsidya lija timaliona tikaima pakhomo la apongozi? Amasiye aja amagulitsa masokosi a ubweya kumsika wa ku Castro. Lachisanu lililonse amadutsa pa boti pansi pa nyumbayo, ndipo akuti zaka zonsezi apongozi ankaima pakhomo n'kuwakwezera kapu, iwo n'kukweza sokosi. Sanalankhulanepo, usayambe kuganiza zako zija. Nyumba yawo yatha, mvula imalowa ngati kwawo. Tsiku lina anauza wa boti kuti aime, anakwera kanjira ka kugombe, anapeza khomo lili pamaso pawo penipeni, analowa. Anakhala pafupi ndi chitofu, anayang'ana denga lakudalo, anati:

"Don Nolberto, mwati mukufuna kukonza chiyani?"

"Mlongo wanga akuti khomo lili kolakwika."

"Kolakwika? Ine ndalowera pati, pazenera? Musakhudze kanthu. Ngakhale msomali uwo wapachikidwa chipewa."

Koma mlamu, iwo akufuna nyumba yokha, malo ayi. Malo ali nawo kwawo. Akufuna aitenge, iwoloke. Ine ndinati nanga si inabwera m'zidutswa, tiiphwasule. Amuna anga anati ndi misomali ija mungotsala ndi zipalapala, ndipo nyumba saphwasula ngati njinga. Ndiye yatsala njira imodzi, ukuidziwa, ya ng'ombe ndi madzi. Ikadali pa zipika zake, yopepuka, ingayende mawa lomwe. Koma mukangothira simenti, yafera pomwepo. Palibe goli lingaisunthe.

Achimwene ako akuopa kukuuza. Akuti, "Mirta adzaseka. Adzati ndagulitsa nyumba pa mtengo wa masokosi, ndipo adzati minga n'zakale, analemba yekha." Akutinso ndani angabwere, poti achinyamata onse ali kukampani ya nsomba ndipo ng'ombe zatsala zowerengeka. Ndiye amangoti tiona, tiona, masiku akutha.

Ndakuuza. Ukandiulula ndidzakana. Kalatayi ndapatsa Don Baldomero akaiponye ku Chonchi mawa.

Mlamu wako,
Uberlinda

UTHENGA WOWERENGEDWA PA WAILESI YA KU CASTRO, PA NTHAWI YA MAUTHENGA A MASANA, LOWERUKA 6 FEBULUWALE 1999, NDI KUBWEREZEDWA LAMULUNGU

Kwa a Nolberto Oyarzo a ku Tenquil, Lemuy, ndi kwa a Heriberto Mansilla, mmisiri wa ku Castro. Musathire simenti. Ndikubwereza, musathire simenti. Nyumba ya malemu Arsenio Oyarzo iyenda. Ndikubwera Lachitatu. Amene wamva auze mnzake. Wotumiza ndi mlongo wanu Mirta, amene akuti nthawi ino mphepo isayerekeze.

Santiago
8 Malichi 1999

Achimwene ndi mlamu,

Moni nonse. Ndinafika bwino. Ndikulemba ndi zala zitatu, zinazo zikadali m'mabandeji, ndipo ndikufuna zidziwike kuti ndili ndi madandaulo.

Loyamba ndi la Don Baldomero. Kalata ya mlamu inakhala m'thumba la jekete lake masabata atatu, pamodzi ndi mbedza ndi theka la buledi. Inandipeza Lachisanu masana, ikununkha nsomba, simenti ikubwera Lolemba. Foni ya a Mansilla inkangolira yokha. Kwanu foni kulibe. Ndinatsala ndi wailesi, ngati mayi wofuna kudziwitsa abale kuti nkhumba yaswa. Munthu ameneyu tinamupatsa penti yanga. Ndikufuna akapepese, kapena andipatse boti.

Lachiwiri ndi la chilumba chonse. Ine ndinatumiza uthenga kwa anthu awiri. Ndikutsika pa pantoni, wogulitsa matikiti, munthu woti sindinamuonepo, akuti, "Mwafika, a Musathire Simenti?" M'basi, gogo wina kundigwira dzanja: "Iwe ndiwe wa Arsenio? Iyenda liti?" Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikumanga dzina mu mzinda uno. Latha ndi mphindi imodzi ya pa wailesi.

Lachitatu ndi lanu, achimwene. Munandilandira ndi mawu omwe aja, "Wafika." Koma nthawi ino munanditengera sutikesi, ndipo munayenda nayo chotsimphina mpaka kunyumba osalola kuti ndikulandireni. Ndinaona. Sindinena zambiri.

Munkati ndani angabwere. Mwambo umati mwini ntchito ayende khomo ndi khomo kupempha. Ife tinayenda makomo angati? Atatu, ndipo pa lachitatu anatikalipira kuti tikuwachedwetsa kukonza matcheni. Loweruka lija m'mawa ndinawerenga magoli khumi ndi awiri, ena ochokera ku Puqueldón, ena sindikudziwa kuti ng'ombe anazibisa kuti zaka zonsezi. Anyamata a kukampani ya nsomba anabwera ndi majombo a kampani. Ngakhale a Mansilla anabwera, opanda simenti, atanyamula mbale. Ndipo aliyense wa imvi amafuna andiuze chaka chake. "Yanga anaikoka mu 64." "Yathu anaitsitsa phiri lonse la kwa a Vidal, kapu imodzi sinasweke." Mkulu wina wogontha anandikuwira m'khutu kuti, "Bambo ako anakoka nyumba za anthu moyo wawo wonse, yawo sanapemphepo. Tinkadikira." Ndinayankha kuti zikomo, n'kupita kukayang'ana mpanda kwa kanthawi.

Dandaulo lachinayi ndi la Doña Clorinda, amene anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kufunsa kuti, "Ndiwe uja wa mapulani?" Nditavomera anati, "Chabwino, pulani yako ndi iyi," n'kundipatsa thumba la mbatatesi ndi chokwechera. Ndinakwecha mbatatesi zopangira zitumbuwa za milcao kuyambira mmawa mpaka dzuwa pamutu. Amene anadya anadyako ndi khungu la zala zanga, ndipo anati zinakoma.

Tsono pali zimene inu achimwene simunaone, chifukwa munali kutsogolo ndi ng'ombe, mukukuwa mawu a bambo aja, ndi liwu la bambo. Atalowetsa mitengo iwiri pansi pa nyumba ngati chileyi, chitofu atachitulutsa, matcheni atamangidwa, Don Baldomero anabwera kuseri kwa moto kumene ndinali. Anati, "Aphunzitsi, simukwera?" Ndinati ndine munthu wamkulu, wa udindo. Anati, "Ndinalipo kwa a Chiguay. Ndine ndinakugwirira mwendo polowa pazenera." Ndinalowa. Nthawi ino ndinalowera pakhomo.

Ndinaima pakhomopo, manja onse awiri pa mafelemu. Nyumba inalira, inagwedezeka, inanyamuka. Ndipo achimwene, sipanafunike kuitembenuza ngakhale pang'ono. Mwaona? Inali italoza kale kumene inkapita. Ng'ombe zinangoikoka molunjika, khomo patsogolo, kutsika kanjira kaja, nyanja ikukula pamaso panga. Zaka khumi ndakhala ndikuseka khomo limenelo pa maphwando a mu Santiago. Sindinaimepo pamenepo nthawi yokwanira kuti ndione zimene bambo ankaona: Chelín yonse, njira ya maboti, aliyense wobwera ndi aliyense wopita. Amene ankandidikira pa tchuthi ankaima pomwepo, ngakhale ankadziwa bwino kuti ndimabwera pa basi.

Pagombe ndinatsika. Munamangirira migolo kuti nyumba iyandame, madzi anakwera, boti lachikasu lija linakoka chingwe, inu muli m'menemo mutakumbatira chitofu ngati mwana wodwala. Ndivomere, pentiyo ikuoneka bwino pamadzi. Ine ndinatsala pamchenga. Ndipo kuchokera pamene ndinaima, nyumbayo inkaoneka monga ankaionera mayi wa nsapato uja: chipupa nambala naini, kazenera ka kuchimbudzi, msana wokhawokha. Inapita osacheuka. Ndinakumbuka kuti inenso ndinachoka choncho mu 76, pa boti la makalata, ndikuyang'ana kutsogolo kuti ndisaone amene anatsala pagombe. Sindinadziwe kuti kumbuyoku kumaoneka chonchi.

Mlamu anandipeza pomwepo, anati maso afiira bwanji. Unali utsi wa curanto. Aliyense wonena zina ndidzamutengera kwa anzanga aja.

Ndiuzeni ngati inafika yonse, ngati chitofu chinakhalanso pamalo pake, ndiponso ngati bondo mwapita nalo kwa dokotala. Pamalo pamene panali nyumba mubzalepo mbatatesi, musagulitse. Ndipo nthawi ino mulembe kalata yeniyeni, yodzaza tsamba.

Mlongo wanu,
Musathire Simenti

Tenquil
11 Epulo 1999

Mlongo wanga Mirta,

Moni. Tili bwino. Bondo ndinapita nalo, akuti ndipume. Ndikupuma. Chitunda chija ndakwera kamodzi kokha, dzulo, kukaona pobzala.

Inafika yonse. Zenera limodzi linang'aluka, a Mansilla aikamo lina. Chitofu chili pamalo pake. Anthu a ku Chelín ataikokera kumtunda anafunsa Doña Clorinda kuti iyang'ane kuti, poti nakonso kwabwera msewu. Anati, "Funso lanji limenelo?" Anaizungulitsa ndi ng'ombe mpaka khomo linayang'ana kunyanja.

Ndiye ukaima pamene inali, nyanja ya kwa iwo ndi yomweyi ya kwa ife. Ikutiyang'ana, Mirta. Mvula yoyamba yagwa Lachinayi. Dzulo kutacha bwino ndinaona khomo lotsegula, ndi utsi ukutuluka pa chumuni. Ndinakweza kapu. Patapita kanthawi kunakwezedwa kanthu kofiira, ndikuganiza sokosi.

Akuti ukadzabwera pa tchuthi bedi lilipo, koma ubwere pa boti.

Tsamba silinadzaze. Pepa.

Ndine mlongo wako,
Nolberto